Dzina la seva ya mu ofesi lisamangopekedwa

M'malo ogona alendo ku Cape Maclear ndi ku Nkopola, ngakhalenso m'maofesi a pa Boma ku Mangochi, makompyuta amalumikizana okhaokha mkati mwa nyumba. Seva yosunga maakaunti imafunika dzina, ndipo kawirikawiri amalipeka ndi mnyamata wa IT wodzayala mawaya. Amangolemba lomwe lamubwerera m'mutu, nkulandira ndalama zake.

Mu ofesimo zonse zimayenda, chifukwa wofunsidwa komwe kuli dzinalo ndi makina a momwemo. Vuto limabadwa laputopu ikatuluka. Wowerengera ndalama akapita nayo ku Monkey Bay nkuilumikiza ku hotspot ya foni, imafunsabe dzina lomwe lija, koma tsopano ikufunsa pa intaneti. Ngati dzinalo lili ndi mwini wake kunjako, laputopu imagogoda pakhomo pa mlendo ndipo imatha kupereka dzina la wogwiritsa ntchito ndi pasiwedi yobisidwa, yomwe akatswiri akuba amatha kuimasula.

Zinachitikapo. Makampani ambiri ankatcha netiweki yawo yamkati corp, potsatira chitsanzo cha mu Windows yakale, ndipo makompyuta awo ankasochera nkukafika ku corp.com, dzina la Mike O'Connor wa ku America. Ataliika pamsika pa madola 1.7 miliyoni, Microsoft inaligula mu 2020 kuti lisagwe m'manja mwa mbava. Ena anakonda .dev poganiza kuti ilibe mwini. Google inaitenga, ndipo mu 2017 Chrome inayamba kukana masamba a .dev opanda HTTPS. Nayo .local, yomwe amisiri athu amaikonda, inapatulidwa mu 2013 kuti zipangizo monga maprinta zizipezana zokha, choncho imasokonezana ndi seva ya ofesi.

Ine ndimati lembetsani dzina lanulanu la .mw, lomwe amayang'anira ndi a Malawi SDNP, kenako mudulepo nthambi yamkati. Koma muzikumbukira kulipira nthawi isanathe, chifukwa likatha wina akhoza kulitola. Kwa amene alibe ndalamayo pali .internal, yomwe ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, inapatula mu 2024 kuti isadzagulitsidwe kwa aliyense, komanso home.arpa ya pakhomo. Kuipa kwake nkwakuti kuyambira 2015 makampani opereka satifiketi za HTTPS anasiya kupereka za mayina amkati otere, ndiye ofesi iyenera kudzipangira yokha nkuziika pa kompyuta iliyonse.