Liu la Chingerezi Lakuti "Senior"

Pali mau ena a Chingerezi amene munthu sangathe kuwapewa ngakhale sanapite patali ndi sukulu, pakuti amawapeza pa zitseko za maofesi ndi m'makalata a Boma, ndipo amawamva pa wailesi. Limodzi la mau otere ndilo lakuti "senior", limene potchula timati siniya. Timamva za Senior Chief, Senior Clerk, Senior Lecturer ndi ena otero. Anthu ambiri akafunsidwa tanthauzo lake amayankha msanga kuti ndiye kuti wamkulu. Yankho limeneli silolakwa ai, koma ndi loperewera, chifukwa ukulu ulipo wa mitundu itatu. Pali wamkulu pobadwa, pali wamkulu chifukwa anayamba ndiye kufika pamalo, ndipo pali wamkulu pa udindo. Mngerezi akati "senior" angathe kunena za wina aliyense wa atatu amenewa, ndipo munthu wosadziwa kuwasiyanitsa amakwiya popanda womulakwira, kapena amalemba kalata imene imakasekedwa ku ofesi.

Liu limeneli eni ake si Angerezi. Analitenga ku Chilatini, chinenero cha Aroma akale. M'Chilatini "senex" ndiye nkhalamba, ndipo "senior" ndiye wokalamba kupambana mnzake. Aroma anali ndi bwalo la akuluakulu lopangana za dziko lotchedwa Senatus, ndiko kunena kuti bwalo la madoda, ndipo kuchokera pamenepo maiko ena monga America ali ndi nyumba ya malamulo yotchedwa Senate kufikira lero lino. Pamene Chilatini chinabala zinenero zina, liu lomweli linasanduka la ulemu. Apwitikizi amati Senhor, ndipo owerenga athu a ku Dedza, ku Mwanza ndi ku Mulanje, amene amaoloka malire kukachita malonda ku Mozambique, analimva kale. Anthu a ku Spain amati Señor, a ku Italy amati Signor. Kwa Afalansa linasanduka Sire, ndipo Angerezi analitenganso kachiwiri kuchokera kumeneko nalifupikitsa kukhala Sir. Chotero mwana wa sukulu akaimirira nayankha kuti "Yes, Sir," ali kutcha mphunzitsi wake mkulu, ngakhale mphunzitsiyo atakhala kuti wangotuluka kumene ku koleji, alibe ndi imvi imodzi yomwe.

Tanthauzo loyamba lija, la kubadwa, likalipobe. Mngerezi akati "He is my senior by three years," ali kunena kuti munthuyo anam'tsogolera kubadwa ndi zaka zitatu. Nkhalamba amazitcha mwaulemu "senior citizens". Ndiponso bambo ndi mwana wake akakhala ndi maina ofanana onse, amalemba Senior kapena Sr. pa mapeto a dzina la bambo, ndi Junior kapena Jr. pa dzina la mwana. Mbusa uja anamenyera ufulu wa anthu akuda ku America, naphedwa m'chaka cha 1968, anali Martin Luther King Jr., chifukwa bambo wake, amenenso anali mbusa, anali Martin Luther King Sr. Koma pakati pa ana a mimba imodzi Angerezi liuli salitchula. Mkulu wako ndiye "elder brother", osati "senior brother", ngakhale anzathu a ku Nigeria ndi ku Ghana amatero kawirikawiri.

Tanthauzo lachiwiri ndilo limene limautsa mikangano m'malo a nchito. Pano zaka za kubadwa siziwerengedwa konse, koma zaka zimene munthu wakhala pa mpando umene alipo. Tinene kuti pa sukulu ina pali aphunzitsi awiri a giredi imodzi. Woyamba ali ndi zaka 28, ndipo anayamba kuphunzitsa ali ndi zaka 22. Wachiwiri ali ndi zaka 40, koma anayamba wagwira nchito zina, ndipo uphunzitsi waugwira zaka ziwiri zokha. Pa Chingerezi wa zaka 28 uja ndiye "senior", ndipo mphunzitsi wamkulu akachokapo ndi iye amene angayembekezere kusiyiridwa makiyi a ofesi. Wa zaka 40 akamva zimenezi kapena adzawawidwa mtima nadzati, "Kodi kamwana aka kangakhale bwanji mkulu wanga?" Komatu palibe amene wanena kuti mnyamatayo ndi mkulu wake pobadwa. Kalata ya Boma iri kunena za tsiku lolowera nchito basi. Kutsogola kotere ndiko kumene kumatchedwa "seniority".

Tisayese kuti imeneyi ndi nzeru yachilendo, pakuti kumudzi tiri nayo kale lomwe. Pa mitala mkazi wamkulu ndi amene anayamba kukwatiwa pa nyumbapo, ngakhale wachiwiriyo atakhala kuti ndiye anayamba kubadwa, ndipo Azungu polemba za miyambo yathu amam'tcha "senior wife". Pa mbumba ya Achewa bere lalikulu limawerengedwa patsogolo pa bere laling'ono, chingakhale mwana wa ku bere lalikululo akali kukwawa. Mnyamata akalowa ufumu, nkhalamba za imvi zimamuombera m'manja ndi kum'tcha Gogo, ndipo palibe amene amadabwa nazo. Kusiyana kwake ndi kwakuti kumudzi mwambowu aliyense anakula nao, pamene ku ofesi walembedwa m'chinenero cha eni.

Azungu amausunga mwambo umenewu kolimba, kotero kuti nthawi zina umaseketsa. Ku America chigawo chiri chonse chimatumiza anthu awiri ku Senate kuja. Amene wakhalitsa m'nyumbamo amatchedwa "senior senator", ndipo mnzakeyo "junior senator", ndiko kuti wamng'ono. Munthu wina dzina lake Ernest Hollings, wa chigawo cha South Carolina, analowa m'nyumbayo m'chaka cha 1966, napeza Strom Thurmond wa chigawo chomwecho alimo kale. Thurmond sanachokemo kufikira m'chaka cha 2003, ali ndi zaka 100. Chotero Hollings anatchedwa wamng'ono kwa zaka 36, ndipo tsiku limene anasanduka "senior" anali nkhalamba ya zaka 81. Ku Britain nako asilikali a pamadzi, a Royal Navy, amatchedwa Senior Service, osati chifukwa amalamulira asilikali a pamtunda iai, koma chifukwa gulu lao ndilo linayamba kukhazikitsidwa.

Pamenepa tiona kuti palibe munthu amene ali "senior" payekha. Liuli limafuna wina woyerekeza naye. M'sukulu zathu za pulaimale makalasi a Sitandade 1 ndi 2 ndi a "infant", a Sitandade 3 ndi 4 ndi a "junior", ndipo kuyambira Sitandade 5 kufikira 8 ndi a "senior". Mnyamata wa Sitandade 8 amayenda mapewa ali m'mwamba, tiana tikum'patukira. Akasankhidwa kupita ku sekondale amakapezeka ali "junior" m'Folomu 1, ndipo ayenera kudikira kufikira Folomu 3 kuti atchedwenso "senior". Mwanayo sanachepe ai. Amene asintha ndi anthu amene akuyerekezedwa nao.

Tsono tifike ku tanthauzo lachitatu, pamene liuli limalembedwa patsogolo pa dzina la nchito. Cholakwa chimene ambiri amachita ndicho kuganiza kuti Senior ndiye wapamwamba pa onse. Kawirikawiri iye wangokwera phazi limodzi pa makwerero. Ku makhoti kuli Resident Magistrate, ndipo pamwamba pake pali Senior Resident Magistrate; koma ameneyu ali pansi pa Principal Resident Magistrate, amenenso ali pansi pa Chief Resident Magistrate. Ku Polisi, Senior Superintendent aposa Superintendent, koma amamvera Assistant Commissioner, chingakhale liu lakuti "assistant" litanthauza wothandiza chabe. Ku yunivesite Senior Lecturer aposa Lecturer, koma Associate Professor ndi Professor ali patsogolo pake. Njira yosavuta ndiyo kuyang'ana liu limene liri kutsatira. Senior amangoposa anzake a dzina lomwelo. Senior Messenger ndi mkulu wa amesenjala, ndipo ayenera kulemekezedwa chifukwa cha zaka zimene watumikira, koma dzinalo silim'patsa mphamvu pa kalaliki amene walembedwa dzulo.

Nkhani imeneyi ikhudza kwambiri mafumu, popeza ndiwo amene anthu a kumudzi amakumana nao masiku onse. Boma limawerenga mafumu kuyambira kwa Nyakwawa, kenaka Gulupu, kenaka Sub Traditional Authority, kenaka Traditional Authority amene timangoti T.A. Pamwamba pa T.A. pali Senior Chief, ndipo pamwamba pa onse pali Paramount Chief, monga Inkosi ya Makhosi M'mbelwa ya ku Mzimba, Inkosi ya Makhosi Gomani ya ku Ntcheu, Lundu wa ku Chikwawa ndi Kyungu wa ku Karonga. Ku Zambia maina awiri otsirizawa alikonso, ndipo Kalonga Gawa Undi, amene amakhala m'boma la Katete, ndi Paramount Chief. Mtsogoleri wa dziko akakweza mfumu kukhala Senior Chief sanena kuti mfumuyo ndi yokalamba kuposa zinzake, pakuti ingathe kukwezedwa ikali ndi msinkhu wochepa. Ndiponso kukwezedwako sikusuntha malire. Ndi ulemu umene waonjezedwa pa mpando, koma midzi ndi minda ya mfumu yoyandikana nayo ikhala m'manja mwa mwini wake monga kale. Anthu amene amavina kuti mfumu yao yakwezedwa achita bwino. Amene amathamangira kukalima m'dambo la anzao chifukwa cha dzina latsopanolo adzapezeka ali ku bwalo. Maloya nao ali ndi ulemu wotere wotchedwa Senior Counsel, umene umalembedwa S.C. pa mapeto a dzina.

Pali liu lina limene limasokonezedwa ndi limeneli, ndilo lakuti "superior". Nalonso ndi la Chilatini, ndipo poyamba linali kutanthauza chimene chiri kumtunda kwa chinzake. Nyanja yaikulu ya pakati pa America ndi Canada inatchedwa Lake Superior chifukwa iri kumtunda kwa nyanja zinzake. Pa nchito, "superior" wako ndi amene amakulamula ndipo umayankha kwa iye. Ndi chifukwa chake mkulu wa nyumba ya masisitere amatchedwa Mother Superior. Koma "senior" wako angathe kukhala wopanda mphamvu iri yonse pa iwe, wangokutsogolera chabe. Ndipo apa pafunika kuchenjera polemba kalata yopempha kukwezedwa. Munthu akalemba kuti "I am senior to him," wanena chinthu chimene akuluakulu angathe kuchitsimikiza potsegula faelo. Akalemba kuti "I am superior to him," wanena kuti iye ndi munthu woposa mnzakeyo m'nzeru ndi m'chibadwa momwe, ndipo wowerenga adzamuyesa wodzikuza. Ndi liu lomweli limene anthu a tsankho anali kuligwiritsa nchito ponena kuti mtundu wao uposa mitundu ina. Wolemba kalata yotere adziwenso kuti "seniority" payokha siikweza munthu. Akuluakulu amayang'ananso mapepala a sukulu, kagwiridwe ka nchito ndi m'mene munthu wayankhira pa mayeso a pakamwa, ndipo ife tiyesa kuti kutero n'koyenera, pakuti kukhalitsa pa mpando n'kosiyana ndi kuidziwa nchito.

Kwa inu aphunzitsi, cholakwa chimene mudzachipeza kawirikawiri m'makope a ana ndi chakuti "He is senior than me." Mwana salakwa dala. Iye anaphunzira kuti liu lathu lakuti kuposa pa Chingerezi ndilo "than", monga mu "taller than" ndi "older than", tsono amaliika ponseponse. Koma mau oyerekeza amene anachokera ku Chilatini amatsatana ndi "to". Chiganizo cholondola ndicho "He is senior to me," ndipo chimodzimodzinso "junior to", "superior to", "inferior to" ndi "prior to". Ndi bwino kuwaphunzitsa asanu onsewa tsiku limodzi, kuwalemba pa bolodi pamodzi, kuti mwana akakumbukira limodzi akumbukire onse. Auzeninso kuti kulibe liu lakuti "seniorer" kapena "seniorest". Wotsogola pa gulu lonse ndiye "the most senior". Polemba, chilembo cha i chiyamba ndicho, kenaka o, pakuti ana ambiri amatembenuza nalemba "senoir". Chilembo chachikulu cha S chifunika pokhapokha liuli likakhala mbali ya dzina la udindo, monga Senior Chief, kapena likayamba chiganizo.

Pa envelopu lembani udindo wonse monga uliri, monga "The Senior Clerk", kenaka dzina la ofesi ndi keyala yake. Mukadula liu lakuti Senior kalata ingathe kukagwera pa tebulo la munthu wina. M'kati mwa kalata musalembe kuti "Dear Senior", pakuti Mngerezi satero. Lembani "Dear Madam" ngati mwini mpandowo ndi mai, kapena "Dear Sir" ngati ndi bambo.