Kodi nandolo wa ku Namitambo angafike ku Ghana?

Ana inu, nyengo yokolola nandolo ikafika, m'misika ya ku Chiradzulu monga Namitambo, Mbulumbuzi ndi Namadzi mumadzaza mavenda ndi masikelo awo. Amayi amabwera atasenza ndowa, abambo akukankha njinga zomangidwa matumba, ndipo dzuwa likapendeka malole amanyamula zonsezo kupita nazo ku Limbe. Kodi munadzifunsapo kuti akachoka ku Limbe, nandolo ameneyu amalowera kuti? Wambiri amakwera sitima ya pamadzi n'kukadyedwa ku India, kutsidya kwa nyanja yamchere.

Nkhaniyi si ya nandolo yekha. Fodya, tiyi ndi khofi wathu naye amapita kutali. Pa malonda onse amene mayiko a mu Africa amachita ndi mayiko ena, amene amachita pakati pawo okhaokha ndi ochepa kwambiri, pafupifupi magawo 15 okha pa 100 alionse. Chonsecho mu Africa muno muli anthu oposa 1.3 biliyoni amene amadya, kuvala ndi kusamba tsiku ndi tsiku. Nanga vuto lagona pati?

Mbali ina yagona pa mbiri. Atsamunda ankamanga njanji ndi misewu yothamangira kudoko, kuti mbewu ndi miyala yamtengo wapatali zizipita kwawo. Njanji yathu yakale idalunjika ku Beira, ina ku Nacala. Atsamundawo sankaganiza zoti mlimi wa ku Chiradzulu azigulitsa kwa munthu wa ku Kenya kapena wa ku Ghana. Mbali ina yagona pa msonkho wa pachipata. Tiyerekeze kuti mwalowa mumsika wa Mbulumbuzi ndi dengu la tomato, koma m'malo modula chiphaso kamodzi, mukulipiritsidwa pa mzere uliwonse wa mabenchi umene mwadutsa. Pofika kumapeto kwa msika, tomato wanu wakwera mtengo moti palibe womugula, mwinanso wayamba kale kufewa. Katundu wodutsa malire a mayiko amakumana ndi zotere. Ngati thumba la K10,000 laikidwa msonkho wa K20 pa K100 iliyonse, likawoloka chipata lafika kale pa K12,000, osawerengera mafuta a lole ndi masiku amene dalaivala wagona pachipata kudikira mapepala.

Pofuna kuthetsa zimenezi, atsogoleri a mayiko a mu Africa adakumana ku Kigali, m'dziko la Rwanda, pa 21 Malichi 2018, n'kusainirana pangano lokhazikitsa msika umodzi wa Africa yense. Pachidule panganoli limalembedwa kuti AfCFTA. Lidayamba kugwira ntchito pa 30 Meyi 2019, ndipo tsiku loyambira malonda lidali 1 Januwale 2021. Likulu lake lili ku Accra, m'dziko la Ghana, ndipo mlembi wamkulu woyamba ndi a Wamkele Mene a ku South Africa. Mwa mayiko 55 a m'bungwe la African Union, 54 adasaina; lotsala ndi Eritrea lokha. Dziko la Malawi lidamaliza kuvomereza panganoli mu 2021. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti msonkho wa pachipata uchotsedwe pa mitundu 90 mwa mitundu 100 iliyonse ya katundu. Suchotsedwa tsiku limodzi ayi. Umatsika pang'onopang'ono, ndipo mayiko osauka monga lathu adapatsidwa zaka 10, pomwe ochitako bwino adapatsidwa zaka 5.

Musaganize kuti a Malawife ndife alendo pa nkhani zotere. Bungwe la COMESA, la mayiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, lidakhazikitsidwa pa msonkhano umene udachitikira ku Lilongwe mu Disembala 1994. Mlembi wake wamkulu woyamba adali a Bingu wa Mutharika, ochokera ku Thyolo, boma loyandikana ndi Chiradzulu, amene pambuyo pake adadzakhala mtsogoleri wa dziko lino. Tilinso m'bungwe la SADC, la mayiko a kummwera kwa Africa. Choncho msika watsopanowu ukumanga pamwamba pa zimene zidayambika kale.

Tsopano nali funso limene mwana wochenjera angafunse. Nanga munthu akagula nsapato ku China, n'kuzitsitsira ku Limbe, kenako n'kupita nazo ku Zambia akunena kuti ndi za ku Malawi, sangazembe msonkho? Opanga panganoli adaziganizira zimenezo. Katundu amachotseredwa msonkho pokhapokha ngati walimidwa kapena kupangidwa mu Africa momwemuno, ndipo mwini wake amayenera kuonetsa satifiketi yotsimikiza kumene katunduyo wachokera. Nandolo wolimidwa ku Namitambo alibe mlandu, ndi wakuno basi. Koma kusintha katoni kapena kumata pepala latsopano pa nsapato za ku China sikuzisandutsa za ku Malawi. Pamafunika ntchito yeniyeni yochitikira kuno, monga kudula chikopa, kusoka ndi kumata. Lamulo limeneli ine ndimalikonda kwambiri, chifukwa limakakamiza anthu kumanga mafakitale kuno, ndipo m'mafakitalemo ndi mmene akulu anu, ndi inu nomwe mukadzakula, mungapeze ntchito.

Makampani ochita malonda m'mayiko angapo mumawadziwa kale, kungoti mwina simunawaganizire. Sopo wa Boom amene amayi amachapira amapangidwa ndi kampani ya Trade Kings ya ku Zambia. Ufa wa tirigu wa Azam ndi wa kampani ya Bakhresa, imene idayambira ku Tanzania ndipo ili ndi chigayo chake chachikulu ku Blantyre. Nafenso tili ndi athu otuluka kunja. Banki ya First Capital idayambira ku Blantyre mu 1995, ikutchedwa First Merchant Bank, ndipo lero ili ndi nthambi ku Botswana, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe.

Kuyendetsa kampani yotere si masewera. Bwana wake ayenera kudziwa malamulo a dziko lililonse, kulemba ntchito anthu a komweko amene akudziwa zokonda za ogula, komanso kumvana nawo chiyankhulo. Ku Mozambique mapepala a boma amalembedwa m'Chipwitikizi, ku Congo m'Chifalansa, ndipo ku Tanzania malonda amayenda m'Chiswahili. Chimene chimamusowetsa tulo kwambiri ndi ndalama. Kwacha ya Malawi si kwacha ya Zambia, ngakhale dzina ndi limodzi, ndipo wogula wa ku Kenya ali ndi mashilingi. Nthawi zambiri onsewa amayamba asakasaka dola ya ku America kuti alipirane, ndipo dolayo kuno imasowa. Mu Novembala 2023 kwacha yathu idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense woitanitsa katundu kunja adayenera kuwerengetsanso mitengo yake. Pofuna kuthetsa vuto losakasaka dola, mu 2022 kudakhazikitsidwa njira yotchedwa PAPSS, yoti wogula azilipira ndi ndalama ya kwawo, wogulitsa n'kulandira ya kwawonso.

Pali china chimene sindikufuna kukubisirani. Chipata chikatseguka, katundu amatuluka komanso amalowa. Taganizani za mkaka, poti Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma oweta ng'ombe za mkaka m'dziko muno. M'mamawa alimi amapalasa njinga ndi zigubu kupita kumalo osonkhanitsira mkaka. Kumeneko mlembi amaviika kachipangizo m'chigubu kuti aone ngati mkakawo wathiridwa madzi, amauyesanso ngati wayamba kusasa, ndipo wabwino wokha ndi umene umathiridwa mu thanki yoziziritsira. Wolephera mayeso amabwerera nawo kunyumba. Msika wa Africa yense ndi wokhwima kuposa pamenepa, chifukwa mkaka wa ku Chiradzulu udzakhala pa shelefu imodzi ndi wa ku South Africa ndi wa ku Kenya. Wogula adzasankha waukhondo, wosungidwa bwino ndi wa mtengo wabwino. Ndiye ntchito ya bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene limayesa katundu ndi kuikapo chidindo chake, ndi yofunika zedi. Magetsi akamazimazima, thanki ija siziziritsa, ndipo pamenepo tagonja kale mpikisano usanayambe.

Nthawi zina mayiko amakanganabe ngakhale adasainirana mapangano. Mu Malichi 2025 boma la Malawi lidaletsa kulowetsa katundu wina wakunja pofuna kuteteza alimi ndi mafakitale akuno. Mu Epulo, Tanzania idabwezera poletsa zokolola za ku Malawi, ndipo amalonda a pa chipata cha Songwe adavutika mpaka maboma awiriwa atakambirana. Koma zabwino zikuonekanso: pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, kuyambira mu Disembala 2022, wapaulendo amaima malo amodzi okha m'malo moima kawiri.

Tsono nandolo uja angafike ku Ghana? Angathe, ngati kumeneko kwapezeka omufuna. Koma mlimi mmodzi wa matumba atatu sangadzaze lole. Pamafunika alimi ambiri ogwirizana m'kopaletivi, osankha bwino mbewu yawo, ndipo phindu limakula akamagulitsa nandolo wokonola kale, woikidwa m'mapaketi olembedwa dzina lawo. Pamafunikanso wina wodziwa masamu, wina wodziwa kulemba makalata a malonda, wina womva Chipwitikizi kapena Chifalansa. Anthu amenewo panopa ali ku pulayimale, ndipo ena mwa iwo akuwerenga tsamba lino.

Sabata ino mukatumidwa ku golosale, pemphani chilolezo kwa mwini wake kuti muwerenge zolembedwa kumbuyo kwa mapaketi khumi. Lembani m'kope dziko limene chinthu chilichonse chapangidwa, muwerenge kuti za ku Malawi ndi zingati, za mayiko ena a mu Africa ndi zingati, ndipo za kutsidya kwa nyanja ndi zingati. Kenako mukaonetse aphunzitsi anu, mukapeze mayikowo pamapu pamodzi ndi anzanu a m'kalasi.