Ulendo wa ku Maleri: Gawo 3

M'gawo lapitali, mlendo wochokera ku Lilongwe adafika padoko ku Dwangwa kufuna boti lomutengera ku zilumba za Maleri. Amalume adavomera, ndipo adanditenga kuti ndizikapa madzi ndi kuthira petulo.

Tidanyamuka m'bandakucha, asodzi a usipa akuzimitsa nyali zawo. Kumtunda, utsi wa nzimbe zowotchedwa udali utayala pamwamba pa minda. Unali mwezi wa Meyi, ndipo aliyense wokulira kunyanja amadziwa kuti kuloza kummwera nyengo imeneyi n'kukaputa mwera pakhomo pake.

"Malume, bwanji bamboyu sadakwere basi mpaka ku Salima? Kuchokera ku Senga Bay, Maleri amaonekera poyera," ndidanong'ona titadutsa pomwe Bua amathira m'nyanja.

"Iwe kapa madzi. Walipira zigubu zonse za petulo, ndiye ukufuna ndimufunsenso chiyani?"

Ndidakhala chete, koma funsolo silidandichoke. Mlendoyo adakhala kutsogolo, atatsamira mabokosi awiri okutidwa ndi lona. Ankati muli makamera ojambulira pansi pa madzi.

Tidadutsa Nkhotakota ndi pakamwa pa Chia dzuwa lili paliwombo, mafunde akumenya boti pachifuwa. Usiku tidagona pa Mbenji. Chilumbachi chili ndi malamulo ake a mfumu Makanjira: dzinja lonse sipaponyedwa khoka, ndipo chikatsekulidwa mowa suloledwa, juga ayi, akazinso safikapo. Akomiti atabwera kudzayang'ana katundu wathu, mlendo adaimirira msangamsanga n'kuwauza kuti makamera akatsekulidwa pamchenga amawonongeka. Iwo ankafufuza mowa ndi chamba, ndiye atanunkhiza lona n'kupeza kuti mulibe, adatisiya.

M'mawa mwake mphepo idagona. Chakumasana zilumba zitatu zidatulukira patsogolo pathu: Maleri, Nankoma ndi kakang'ono kaja, Nakantenga. Kusukulu, m'kalabu ya zachilengedwe, tidaloweza kuti zilumbazi ndi mbali ya paki ya Nyanja ya Malawi, yomwe likulu lake lili ku Cape Maclear, kuti idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO idaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Tinkayankha zimenezi pamayeso osadziwa chomwe akutetezacho. Kwathu kunyanja ndi mchenga ndi bango, nsomba timaidziwa ili pathandala kapena mumphika.

Amalume atazimitsa injini pafupi ndi miyala ya Nankoma, ndidasuzumira m'madzi n'kuiwala chikapiro m'manja. Mbuna! Zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zikubudula ndere pamiyala, iliyonse ikuthamangitsa inzake pakadera kake. Ina idafika pafupi ndi boti, timwana tikuzungulira mutu wake. Mthunzi wanga utagwera pamadzi, timwana tonse tidathamangira m'kamwa mwa make. Aphunzitsi ankati mbuna sizikonda kuwoloka madzi akuya kapena mchenga, choncho mitundu ina ya pachilumba china sungaipeze pachilumba chinzake. Ukazitha pamiyala imodzi, ukhoza kuthetsa mtundu wonse. N'chifukwa chake mamita 100 kuchokera kugombe la paki saloleza kuponya ukonde ngakhale mbedza.

"Zaka zonse ndakhala pamadzi, sindidaonepo zotere," adatero amalume, mawu atatsika.

Mlendo sadatulutse kamera. Dzuwa lidapendeka iye akungoyang'ana foni. Ndidamufunsa ngati sitikayamba taonekera kwa alonda a paki kuti tilipire chiphaso. Adaseka.

"Mphwanu amalankhula kwambiri, madala."

Kutayamba kuchita chisisira, adatiuza kuti tipalase ndi nkhafi, osaliza injini, tikabisale kuseri kwa thanthwe lalikulu. Kenako adavula nsapato, natsikira pamiyala, akuti akukadzithandiza.

Mpata ndi umenewo. Ndidakoka lona.

Munalibe kamera ngakhale imodzi. Bokosi loyamba lidadzaza ndi mapepala apulasitiki ndi malamba a labala, pambali pake botolo lachitsulo la mpweya. M'linalo munali ukonde wa maso ang'onoang'ono, magalasi osambirira ndi tochi ziwiri. Pomwepo funso langa la pa Bua lidadziyankha lokha: maboti a ku Senga Bay alonda amawadziwa onse ndi eni ake omwe, pamene la ku Dwangwa palibe angalizindikire.

"Malume, taonani!"

Amalume adagwira ukondewo, nautaya ngati wawatentha. "Watigulitsa munthu uyu. Kokera nangula, mphwanga, tizipita."

Ndisanagwire chingwe, tidamva injini ikulira kuchokera mbali ya Maleri. Kuwala kwa tochi yamphamvu kudasesa miyala, kudutsa, kenako n'kubwerera kudzaima pankhope ya amalume, ukonde uli pamapazi pawo.

"Boti limenelo, imani pomwepo! Mwini katunduyo ndani?"

Ndidatembenuka kuti ndiloze mlendo. Pamiyala padalibe munthu. Nsapato zake zokha n'zomwe zidatsala m'boti, ndipo m'kati mwa nsapato imodzi foni yake idayamba kuitana. Ndidawerama kuti ndione woimbayo. Nambalayo ndimaidziwa pamtima: ndi ya msuweni wanga, mwana woyamba wa amalume, yemwe tidamusiya ku Dwangwa akuti wadwala malungo.

Musaphonye gawo 4 sabata yamawa.