Mawu akuti puncturable ndi abale ake

Mawu a Chingerezi akuti puncturable samveka kawirikawiri, koma savuta mukawagawa pawiri. Puncture ndi kuboola ndi chinthu chosongoka monga msomali, munga kapena singano, pamene -able amatanthauza kuti chinthucho n'chotheka. Choncho chinthu chikatchedwa puncturable ndiye kuti chikalasidwa chimabooka. Chubu cha njinga, mpira, jumbo ndi magolovesi a anamwino zili m'gulu limeneli.

Tsinde lake ndi mawu a Chilatini akuti pungere, kutanthauza kubaya. Pa tsinde lomweli panaphukanso punctuation, poti mpumiro ndi kadontho kokhala ngati mwabaya pepala ndi cholembera, komanso punctual, mawu omwe ena mwa inu mumakumbutsidwa m'mawa uliwonse pageti.

Ophunzira, samalani polemba. Chilembo cha e chomaliza chimagwa, monga momwe cure amasandukira curable. Musatengere noticeable, komwe e amatsala kuti c amveke ngati s.

Cholakwa chomwe ndimachiona kwambiri ndi kusokoneza mawuwa ndi fragile kapena porous. Kapu yagalasi ndi fragile: ikagwa imasweka, koma munga sungaiboole. Mtsuko wadothi ndi porous: uli kale ndi timabowo tosaoneka, madzi amatuluka pang'onopang'ono n'kumauma kunja kwake, n'chifukwa chake a m'katimo amazizira. Chinthu cha puncturable chilibe bowo mpaka china chitachilasa. Dziwaninso kuti -able payekha sanena kuti kuboolako n'kosavuta, amangoti n'kotheka. Eni chinenerochi akafuna kunena za chinthu chosachedwa kubooka amakonda kuti easily punctured, ndipo pa chimangirizo ine ndingakulangizeni kulemba zomwezo. Woyesa mayeso sapereka malikisi chifukwa choti mawu ndi aatali.

Makolo, inu mudzakumana kwambiri ndi abale a mawuwa pa katundu wa m'sitolo. Tayala lolembedwa puncture-resistant limalimbako ku minga, koma likhoza kubookabe. Puncture-proof ndi lonjezo lalikulu, loti silibooka n'komwe, ndipo wogulitsa akatero ndi bwino kumufunsa kawiri musanatulutse ndalama.

Pomwe pali ngozi yeniyeni ndi pa zitini za mankhwala opopera udzudzu ndi za perefyumu. Zambiri zimalembedwa kuti do not puncture kapena do not pierce or burn, kutanthauza kuti musaboole ndipo musaotche. M'katimo muli mpweya wopanikizidwa, nthawi zambiri butane kapena propane, womwe umayaka msanga, ndipo umatsalamo ngakhale mankhwala aoneke ngati atha. Ana amakonda kutola zitini zoterezi kudzala n'kuziboola ndi msomali popanga magalimoto oseweretsa. Chitini chikatha, musachisiye pomwe ana angachitole, ndipo musachiponye m'dzenje lomwe mumaotchera zinyalala.