Tayala loyenera dzinja la ku Mangochi: zoyang'ana musanatulutse ndalama

Mvula ikangoyamba kugwa mu November ndi December, amalonda a nsomba, mpunga ndi chimanga m'boma la Mangochi amadziwa kuti phindu lawo lili m'manja mwa msewu. Msewu wochoka pa Mangochi boma kudutsa ku Malindi ndi Lungwena mpaka ku Makanjira, womwe ndi wa makilomita pafupifupi 100, umadziwika ndi matope komanso mitsinje yodzadza m'nyengoyi. Tinjira topita kumadoko a Msaka, Malembo ndi Chembe tili ndi mchenga ndi miyala, pomwe wolowera ku Namwera ndi ku Chiponde amakumana ndi zitunda zokhotakhota. Galimoto ikatitimira ndi chambo cha mu ayezi kwa tsiku lathunthu, mpamba wonse umawolera pomwepo. Ikaphulitsa tayala ili ndi usipa wouma mvula ili pakati, katundu amanyowa, akafika ku Limbe mtengo wake watsika.

N'chifukwa chake eni mapikapu ambiri amafunafuna matayala dzinja lisanafike pachimake. Vuto ndi loti mtengo wa tayala latsopano wakwera kwambiri. Matayala a galimoto amachokera kunja, ndipo ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake inakwera limodzi ndi ya zipangizo zina zonse zagalimoto. Ambiri athawira ku matayala a kaunjika, ndipo kumeneko n'komwe kuli msampha womwe ogula ambiri sauzindikira.

Tayala la dzinja la ku Japan si la dzinja la kuno

Pakati pa matayala a kaunjika komanso pa galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan pamapezeka matayala ooneka okongola, a mano akuya, omwe ogulitsa ena amati ndi a nyengo ya mvula. Ambiri mwa iwo ndi matayala a nyengo yozizira ya kumaiko komwe kumagwa chipale chofewa ndipo madzi amaundana pamsewu. Amapangidwa ndi labala wofewa kwambiri kuti asaume kukazizira kutsika pansi pa madigiri 7. Ku Mangochi kutentha kumadutsa madigiri 30 masiku ambiri a October ndi November, ndipo tala weniweniyo amatentha kuposa pamenepo. Labala wotereyu akaponda msewu wotentha amadyeka msanga, galimoto imayenda ngati ikugwedezeka pokhota, ndipo pa tala wonyowa imatenga mtunda wautali kuti iime dalaivala akaponda buleki.

Kuwazindikira n'kosavuta. M'mbali mwake ambiri amalembedwa mawu oti STUDLESS, ndipo maina odziwika ndi monga Bridgestone Blizzak, Yokohama iceGUARD, Dunlop Winter Maxx ndi Toyo Observe. Pa dzino lililonse la tayalalo pamakhala timizere tambirimbiri tating'ono tokhotakhota ngati tochekedwa ndi lumo, ndipo munthu akadina ndi chala labalayo amabonyoka mosavuta. Pamakhalanso chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kanyenyezi pakati. Chizindikiro chokhachi sichikwanira kulikanira tayala, chifukwa matayala ena abwino a mtundu wa A/T nawonso ali nacho. Koma chikapezeka pamodzi ndi timizere tija komanso mawu oti STUDLESS, tayalalo si la misewu ya kuno, ngakhale mtengo wake utatsika bwanji.

Mitundu itatu ya matayala a pikapu

Matayala a galimoto monga Toyota Hilux, Land Cruiser, Isuzu, Ford Ranger ndi Nissan Hardbody ali m'magulu atatu, ndipo zilembo zake zimalembedwa pa dzina la tayalalo.

Gulu loyamba ndi H/T. Awa ndi a msewu wa tala. Mano ake ndi othithikana, sachita phokoso, samwetsa mafuta ambiri ndipo amagwira bwino tala wonyowa. Wamalonda amene ulendo wake ndi wochoka pa Mangochi boma kudzera ku Liwonde ndi Zomba mpaka ku Limbe pa msewu wa M3, mtunda wa makilomita pafupifupi 190, amenewa amamukwanira. Koma akalowa m'dothi la makande, matope amadzadza m'mipata yake, tayala limasanduka losalala n'kumangozungulira malo amodzi.

Gulu lachiwiri ndi M/T, matayala a matope. Mano ake ndi akuluakulu otalikirana, moti tayala likamazungulira matope amachoka okha. Ndi abwino kwa munthu amene ntchito yake yonse ili m'misewu ya fumbi, monga wotuta katundu m'midzi ya kwa Makanjira ndi kwa Katuli. Kuipa kwake ndi koti ndi odula, amalira pa tala, amamwetsa mafuta, amatha msanga akamayenda pa msewu wouma wotentha, ndipo pa tala wonyowa sagwira ngati anzake. Mu mchenga wa kumadoko amakonda kukumba, galimoto n'kudzikwirira yokha.

Gulu lachitatu ndi A/T, omwe ali pakati pa awiriwa. Kwa amalonda ambiri a kunyanja, amene amatenga nsomba padoko m'mawa n'kukalowa mu M10 kapena M3 tsiku lomwelo, awa ndi omwe amabweza ndalama. Sapambana M/T m'matope akuya ndipo sapambana H/T pa tala, koma amatha kuyenda monsemo popanda kusintha. Muyeso wake ndi wapafupi: mwini galimoto awerenge maulendo ake a mwezi wathunthu, aone kuti ndi makilomita angati a tala ndipo ndi angati a dothi. Ngati dothi likuchepera kwambiri, kugula M/T n'kutaya ndalama.

Zilembo zoti M+S zomwe zimaoneka pa matayala ambiri zisanyenge munthu. Zimangosonyeza kapangidwe ka mano, ndipo zimapezeka ngakhale pa matayala ena a H/T omwe sangatuluke m'dambo.

Manambala a m'mbali amanena za katundu

Pikapu ya wamalonda siyenda yopanda kanthu. Imanyamula matumba a usipa, madengu, makatoni, nthawi zina ndi anthu a matola pamwamba pake. Choncho nambala yofunika kwambiri ndi yosonyeza kulemera komwe tayala lingasenze. Pa tayala lolembedwa kuti 265/65 R17 112T, nambala ya 265 ndi kukula kwake m'lifupi m'mamilimita, 17 ndi kukula kwa limu m'mainchesi, 112 ikutanthauza kuti tayala limodzi lingasenze makilogalamu 1,120, ndipo T ikutanthauza liwiro losapitirira makilomita 190 pa ola. Nambala ya 100 imaimira makilogalamu 800, ya 104 makilogalamu 900, ya 106 makilogalamu 950, ndipo ya 110 makilogalamu 1,060. Kulemera kumeneku n'kwa galimoto ndi katundu yemwe pamodzi, ndipo pikapu ikadzadza, gawo lalikulu limatsamira pa matayala a kumbuyo.

Matayala opangidwira ntchito yonyamula katundu amakhala ndi chilembo C kumapeto kwa saizi, monga 195 R14C kapena 205 R16C, kapena zilembo LT. Ena amalembedwanso 6PR kapena 8PR, kusonyeza kulimba kwa thupi lake. Tayala la galimoto yaing'ono likhoza kulowa bwinobwino pa limu ya pikapu, koma m'mbali mwake ndi mopyapyala. Likasenza katundu wolemera pa msewu wa maenje limatupa, kenako limaphulika. Saizi yoyenera galimoto iliyonse yalembedwa pa kapepala komata pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, ndipo wogula asatsike pansi pa nambala ya kulemera yomwe yalembedwa pamenepo.

Msinkhu wa tayala

Tayala limakalamba ngakhale lisanaponde msewu. M'mbali mwake, kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo DOT, pali manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Tayala lolembedwa 2319 linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Makampani opanga matayala amalangiza kuti tayala likadutsa zaka zisanu liziunikidwa chaka ndi chaka, ndipo likafika zaka khumi lichotsedwe ngakhale mano atakhala kuti alipo. Kumalo kotentha ngati kunyanja labala amauma msanga, makamaka matayala ogulitsidwa ataunjikidwa padzuwa.

Wogula kaunjika aligubuduze tayalalo poyera. Aone ming'alu m'mbali ndi pakati pa mano, apapase ngati pali chotupa, ndipo asuzumire mkati kuwerenga zigamba. Chigamba cha pakati pomwe tayala limaponda pansi chikhoza kupirira, koma cha m'mbali n'choopsa. Achenjerenso ndi matayala osemedwa, omwe anatha kale koma wina anakumbanso mizere ndi chitsulo chamoto kuti aoneke atsopano. Mizere yake imakhala yosafanana kuya, ndipo nthawi zina waya amaonekera pansi pake. M'mipata ya tayala lililonse muli timitumbira tating'ono ta labala totalika mamilimita 1.6. Mano akafanana ndi timitumbirati, tayala latha. Pa tayala losemedwa timitumbirati nthawi zambiri sitioneka chifukwa tinadulidwa. Pa misewu ya madzi ndi matope n'kwanzeru kusintha mano akadali pa mamilimita atatu kapena anayi, chifukwa mipata yosaya siitha kuchotsa madzi pansi pa tayala. Tayala losalala limadzetsanso chindapusa pa rodibuloko ndipo limalepheretsa galimoto kupeza COF.

Kuwerengera mtengo pa kilomita

Mtengo wa pa shelefu siwonena zonse. Chofunika ndi ndalama yomwe tayala limadya pa kilomita iliyonse. Mwachitsanzo, ngati tayala latsopano lagulidwa pa K300,000 n'kuyenda makilomita 50,000, ndiye kuti kilomita imodzi yadya K6. Ngati la kaunjika lagulidwa pa K100,000 n'kutha pa makilomita 10,000, kilomita imodzi yadya K10, osawerengera ndalama zomatitsa, zophwasulira ndi tsiku la malonda lotayika panjira. Manambalawa ndi ongoyerekezera, koma aliyense akhoza kuikapo mitengo ya komwe amagula. Kulemba m'kabuku makilomita a galimoto pa tsiku loika tayala ndi pa tsiku lolichotsa kumathandiza kudziwa mtundu womwe ukubweza ndalama. Mitengo imasiyananso pakati pa Mangochi, Limbe ndi Lilongwe, choncho amene amapita kale kumizindayi ndi katundu afunse m'masitolo atatu kapena anayi asanagule, ndipo atenge lisiti.

Ngati ndalama yangokwana matayala awiri, akhale a mtundu umodzi ndi saizi imodzi, ndipo aikidwe kumbuyo. Kumbuyo n'komwe kuli katundu, n'komwe pikapu zambiri zimakankhira, ndipo kumbuyo kukaterereka pokhota dalaivala amavutika kuiwongola galimoto. Pa galimoto ya 4x4 matayala onse anayi akhale ofanana msinkhu, chifukwa kusiyana kwake kumapanikiza magiya ndi difu, zomwe kukonzetsa kwake kumaposa mtengo wa tayala. Sipeya nayenso akhale wa saizi yomweyo.

Mpweya ndi kasamalidwe

Tayala labwino limaonongeka msanga ngati mpweya uli wolakwika. Kapepala ka pachitseko kaja kamapereka miyeso iwiri, wa galimoto yopanda katundu ndi wa yodzadza. Mpweya uyezedwe m'mawa tayala lisanatenthe, ndipo kageji kake n'kotsika mtengo poyerekeza ndi tayala. Tayala lophwa pang'ono lonyamula katundu limatentha mkati, ndipo ambiri mwa matayala ophulika pa tala m'miyezi yotentha amayamba motero.

Polowa mu mchenga wa padoko, kuchepetsako mpweya kumathandiza kuti tayala litambasuke, galimoto iziyandama pamwamba. Koma zimenezi n'za mtunda waufupi, pa liwiro lochepa, ndipo pampu ikhale pafupi kuti matayala apopedwenso galimoto isanakwere tala. Galimoto yodzadza kwambiri isaphwetsedwe mopitirira, kuopa kuti tayala lingavuke pa limu. Giya ya 4x4 pa mapikapu ambiri ndi ya m'matope ndi mumchenga basi, ndipo ikasiyidwa pa tala wouma imadya matayala ndi zitsulo zomwe. Kusinthanitsa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo pa makilomita 10,000 alionse kumathandiza kuti adyeke mofanana, ndipo tayala likamadyeka mbali imodzi, vuto lili pa alayimenti, osati pa tayalalo.

Pomaliza, palibe tayala lowoloka mtsinje wosefukira. Namondwe wa Ana mu January 2022 ndi wa Freddy mu March 2023 anaonetsa momwe madzi amakokololera misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera. Madzi akadutsa pamwamba pa msewu, dalaivala wanzeru amaima n'kudikira kuti aphwe, ngakhale galimoto itavala M/T atsopano anayi. Kwa wamalonda amene akukonzekera ulendo woyamba wa dzinja, ntchito ya sabata ino ndi kuwerama pa tayala lililonse, kuwerenga chaka chake ndi nambala ya kulemera, kupopa sipeya, ndi kuonetsetsa kuti jeke, fosholo, chingwe ndi lona yofunditsa katundu zili kumbuyo kwa galimoto.