Kufufuta ndi kuyambanso: zimene ana athu acita m'masewera a gacha

Makolo ambiri m'maparishi mwathu adandaula kuti ana akhalira lamya usiku wonse. Ena aganiza kuti ali pa Facebook, ena aganiza kuti aceza ndi zibwenzi. Koma pali gulu lina la acinyamata, maka-maka a m'matauni monga Chipata, Katete ndi Lusaka kumene intaneti igwira bwino, amene acita cinthu cimene ambiri a ife sitinacimvepo. Atsegula masewera, asewerako pang'ono, afufuta zonse, ndi kuyambanso ndi dzina lina. Acita tero kakhumi, kapena makumi awiri. M'Cingerezi acicha rerolling. Ku Japan, kumene cinayambira, acicha risemara, ndiko kunena mpikisano wa mtunda wautali wa kufufuta ndi kuyambanso.

Tiyambe ndi gacha yeniyeniyo. Liuli ndi la Cijapani. Kumeneko kuli makina aang'ono oima pakhomo pa masitolo. Mwana aponyamo kobidi, apotokola cogwirira, ndipo mugwa kampira ka pulasitiki kokhala ndi kadoli m'kati. Sadziwa kadoli kamene kadzagwa. Dzinalo linacokera ku phokoso la cogwirira cija pamene cipotokoka. Opanga masewera a pa lamya anatenga nzeru imeneyi naiika m'masewera ao. Masewerawo ndi aulere kuwatenga, koma ngwazi zimene umenyera nazo nkhondo m'katimo sungazisankhe. Uzipeza mwa maere. Maere oyamba akupatsa aulere, ena uwapeza mwa kusewera masiku ambiri, ndipo ngati ufuna msanga ulipira ndalama zenizeni.

Titenge citsanzo cimodzi codziwika kwambiri, Genshin Impact, masewera amene kampani ya miHoYo ya ku Shanghai m'dziko la China inatulutsa mu September 2020. Ngwazi za m'menemo zili ndi maudindo. Zamphamvu ndi zosowa kwambiri ndi za nyenyezi 5. Mwai wopeza ngwazi yotere pa maere amodzi ndi 0.6 peresenti, ndiko kuti 6 pa 1,000. Kampani ilonjeza kuti ukacita maere 90 osapeza kanthu, a 90 aja adzakupatsa ndithu ya nyenyezi 5. Koma cenjerani apa: ngakhale pamenepo, mwai woti ikhale ngwazi imene ailengeza nyengo imeneyo ndi pafupi-fupi theka cabe. Ukaphonya, uyenera kuyambanso kuwerenga. Motero munthu watsoka angafike pa maere 180. Amene agula onsewo ndi ndalama amwaza madola a ku America opitirira 300. Mlimi aliyense angawerenge yekha kuti ndi matumba angati a feteleza amenewo.

Tsono mwana wa mlimi alibe madola. Cimene ali naco ndi nthawi. Ndiye cifukwa cake afufuta ndi kuyambanso. Akaunti yatsopano iliyonse ipatsidwa maere aulere ocepa, monga mmene wogulitsa munkhoyo akulawitsira pang'ono. Mwana atsegula akaunti, apirira cigawo coyamba cophunzitsa kasewere, acita maere aulere aja, ndipo ngati ngwazi imene afuna sinagwe, ataya akauntiyo natsegula ina ndi imelo yatsopano.

Tiyeni ticite masamu pang'ono, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Tinene kuti akaunti iliyonse ipatsa maere 10 aulere, ndipo kufika pa maerewo kutenga theka la ola. Ndi mwai wa 0.6 peresenti, akaunti imodzi cabe mwa 17 ndiyo idzagwetsa ngwazi ya nyenyezi 5. Maakaunti 17 ndi maola opitirira 8, tsiku lathunthu la ganyu. Ndipo imeneyo ndi ngwazi iliyonse ya nyenyezi 5, osati imene mwanayo aifuna. Ngati mtima wake uli pa imodzi yeni-yeni, maola aja acuruka kangapo. Onjezanipo mabandulo, pakuti masewera otere ndi olemera ndipo sayenda popanda intaneti, ndi ndalama zocajitsa lamya pa golosale kwa ife amene tilibe magetsi. Caulere cija caoneka mtengo wake.

Tisafulumire kuweruza. Mwa njira zonse zopezera ngwazi, iyi ndi imodzi mwa zimene sizifuna kuba ndalama za amai m'citenje. Mwana amene wafufuta maakaunti 20 m'malo molipira waonetsa kuti adziwa kufunika kwa ndalama, ndipo ali ndi kupirira kumene tikanakonda kukuona pa masamu a Giredi 12. Alimi tidziwa kubzalanso. Cimanga cikamera moipa sitikhala manja lende, tipita kukapaciza. Koma tipaciza mapando ofa okha. Palibe mlimi azula munda wonse kakhumi cifukwa phesi limodzi silinaoneke monga afunira, pakuti mvula siyembekeza munthu.

Cimene cititopetsa mutu ife ndi ici: n'cifukwa ninji makampani alekerera? Angathe kutseka khomo limeneli. Ena aliumitsa pofuna imelo yatsopano nthawi zonse, koma ena acita kulikulitsa, nalola wosewera watsopano kubwereza maere oyamba m'kati mwa masewera momwemo mpaka akhutire. Sacita izi cifukwa ca cifundo. Adziwa kuti munthu amene wavutikira akaunti masiku atatu sadzaisiya wamba. Aikonda monga ng'ombe yoyamba imene anagula ndi thukuta lake. Pakapita milungu itatu kapena inai alengeza ngwazi ina yatsopano, yopambana ija, ndipo aiika pa maere kwa masiku owerengeka cabe. Tsopano kufufuta sikungathekenso, pakuti m'akauntimo muli kale nchito ya mwezi wathunthu. Njira yotsala ndi ndalama. Genshin Impact inapanga madola opitirira 1 biliyoni pa malamya okha m'miyezi 6 yoyamba, koma kuwatenga masewerawo ndi kwaulere.

Kodi ndi juga? Maiko agawanika. Ku Japan boma linaletsa mtundu umodzi wa gacha mu 2012, uja wouza munthu kuti asonkhanitse zinthu zingapo za maere kuti apate mphotho yaikulu. Ku China kuyambira 2017 makampani akakamizidwa kulengeza mwai weni-weni wa maere ao, ndiye cifukwa cake tidziwa za 0.6 peresenti ija. Ku Belgium bungwe loyang'anira juga linagamula mu 2018 kuti maere ogula ndi ndalama m'masewera ndi juga, ndipo mu 2019 kampani ya Nintendo inacotsa masewera ake a Fire Emblem Heroes m'dzikolo. Ku America mu January 2025 eni ake a Genshin Impact anavomera kulipira madola 20 miliyoni ndi kuleka kugulitsa maere kwa ana osafika zaka 16 popanda cilolezo ca makolo. Makampani ayankha kuti si juga cifukwa supata ndalama, upata cithunzi cabe. Kwa ife yankho limeneli liipitsa mlandu. Wa juga wa pa bawa nthawi zina abwerako ndi kanthu m'thumba.

Mpingo sunena kuti masewera a mwai ndi chimo mwa iwo okha. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2413, aphunzitsa kuti aipa pamene alanda munthu zofunika pa moyo wake ndi wa anthu amene awasamala, ndipo acenjeza kuti cilakolako ca juga cingasanduke ukapolo. Ngakhale atumwi anacita maere posankha Matiya, koma anacita kamodzi nalandira cimene cinagwa. Muyeso tsono ndi wapafupi. Kodi mwanayo agona? Apita ku sukulu? Athandiza kumunda? Ndalama za pa lamya ya atate zili bwino? Ngati zonsezi zili m'malo, msiyeni asewere. Bungwe la za umoyo la World Health Organization linavomereza mu 2019 kuti kulephera kudziletsa pa masewera otere ndi matenda, koma linanena za munthu amene moyo wake waonongeka kwa nthawi yaitali, osati mwana aliyense wogwira lamya.

Pali msampha wina umene makolo ayenera kuudziwa. Anthu ena afufuta ndi kuyambanso monga malonda. Akapeza akaunti ya ngwazi zabwino aigulitsa pa intaneti. Malamulo a makampani ambiri aletsa zimenezi, ndipo akaunti yogula angaitseke tsiku lililonse. Ndiponso wogulitsa ndiye mwini imelo yoyamba. Angalandire ndalama lero, mawa n'kubweza akaunti yake, ndipo mwana alibe kokadandaula. Mwana akapempha kuti mutumize ndalama ku nambala yacilendo “cifukwa ca masewera”, funsani bwino. Nambala yacinsinsi ya ndalama za pa lamya musauze mwana, maka-maka nyengo ya malonda pamene ndalama za cimanga ndi soya zalowa. M'malamya ambiri muli poikira kuti kugula kulikonse kufune cinsinsi ca mwini wake. M'phakati uliwonse muli wacinyamata angakuonetseni.

Ana ambiri sadziwanso kuti ngwazi zimene avutikirazo si zao. Zikhala pa makina a kampani, ndipo kampani ikaona kuti phindu lacepa itseka masewerawo. Nintendo inatulutsa masewera a gacha ochedwa Dragalia Lost mu 2018. Mu November 2022 inawatseka, ndipo maakaunti onse, a olipira ndi a ofufuta omwe, anazima tsiku limodzi.