Kamera yakale ya filimu: wogula ayambe waiyesa

Kale mumzinda wa Lichinga ngakhalenso m'midzi ya ku Mandimba, Ngauma ndi Metangula, ukwati sunkakoma popanda wojambula zithunzi. Iye ankafika panjinga kamera ili m'khosi, anthu n'kuthamangira kukasamba ndi kuvala zapatchalitchi. Lero ntchitoyi ailanda mafoni, koma makamera aja sanathe. Ena akugona m'masutikesi a agogo, ndipo m'maiko akunja achinyamata ayambanso kuwafuna, zomwe zakweza mitengo yake.

Mwa makamera ofunidwawa muli mtundu wotchedwa rangefinder. Wojambula akasuzumira pakazenera kake amaona pakati kachigamba kowala, ndipo munthu wojambulidwayo amaoneka ngati alipo awiri. Akamazungulitsa diso la kamera, zithunzi ziwirizo zimayandikana mpaka kukhala chimodzi. Zikatero ndiye kuti chithunzi chidzatuluka chooneka bwino.

Kampani ya Leica ya ku Germany inatulutsa kamera yotere m'chaka cha 1932, ndipo ina yotchuka kwambiri ya Leica M3 inatuluka mu 1954. Izi n'zolimba koma mtengo wake ngoboola m'thumba. Otchipa ndi makamera a ku Soviet Union, dziko lomwe linali paubale ndi Mozambique italandira ufulu mu 1975. Mwa awa muli Zorki 4 imene inayamba kupangidwa mu 1956 ku Krasnogorsk, FED ya ku Kharkiv ndi Kiev ya ku Kyiv. Palinso za ku Japan monga Yashica Electro 35 ya mu 1966.

Kwa munthu wakumudzi funso loyamba ndi la batire. Yashica Electro 35 sigwira bwino ntchito popanda batire, ndipo mtundu wa batire umene inkadya analeka kupanga. Zorki, FED, Kiev ndi Leica M3 zimayenda ndi zitsulo ndi masipuling'i okha, choncho zimajambula ngakhale kumene kulibe magetsi kapena sitolo.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kamera ikhoza kunyezimira kunja koma ili yowola m'kati, n'chifukwa chake wogula ayenera kuiyesa ndalama zikadali m'thumba.

Choyamba aloze kamera ku chinthu chakutali monga phiri, ndipo azungulitse diso mpaka pamapeto pomwe pali chizindikiro chonga 8 wogona. Ngati phirilo likuonekabe pawiri, kamerayo inagwapo kapena inasokonekera, ndipo zithunzi zake zidzatuluka zachimbuuzi.

Chachiwiri, pa Zorki, FED ndi Leica, atsegule kumbuyo, achotse diso ndi kuyang'anitsa kansalu kakuda kamene kamatseguka ndi kutseka pojambula. Aloze kowala. Akaona timabowo todutsa kuwala, filimu yonse idzaonongeka. Mabowowa amabwera ndi ukalamba, komanso dzuwa limatentha kansaluko kudzera pa diso ngati kamera yasiyidwa panja yosavundikira.

Chachitatu ayang'ane m'kati mwa diso ndi tochi. Dzinja la ku Lichinga limakhala ndi mvula yambiri ndi chinyontho, ndipo chuku chimamera pagalasi ngati ulusi wa kangaude. Chikazika mizu sichichoka ndi kupukuta.

Chachinayi amvetsere kulira kwa kamera akamasintha liwiro la kansalu kaja. Pa Zorki ndi FED pali lamulo: munthu ayambe wapukusa filimu asanasinthe liwiro. Akalakwitsa akhoza kuthyola zitsulo za m'kati, ndipo mmisiri wozikonza ngosowa kwambiri m'chigawo cha Niassa.

Palinso akamberembere amene amatenga Zorki kapena FED n'kulembapo dzina la Leica, zina n'kuzipaka mtundu wa golide. Wogula asakomedwe ndi dzina. Naye amene ali ndi kamera yamasiye m'nyumba asafulumire kuigulitsa pamtengo wa nkhuku asanafunse odziwa, pakuti Leica yeniyeni ndi chuma.

Kugula kamera ndi chiyambi chabe. Filimu imodzi imatulutsa zithunzi 24 kapena 36 basi, masiku ano njodula, ndipo malo otsukira zithunzi ambiri anatsekedwa moti imayenera kutumizidwa ku mizinda ikuluikulu. Vuto lina n'lakuti pa kamera yamtunduwu wojambula saonera pa diso lenileni, choncho akhoza kujambula ukwati wonse chivundikiro chili pomwepo, iye osadziwa. Ukwati subwerezedwa. Wanzeru amayamba wayesa filimu imodzi pa ana ndi mbuzi pakhomo asanalandire ndalama za mwini phwando.

Nanga munthu angavutikirenji ndi zonsezi pomwe foni ilipo? Yankho lili m'kusungika kwa zithunzi. Foni ikabedwa kapena kugwera m'nyanja, nthawi zambiri zithunzi zimapita nayo. Filimu yotsukidwa ikasungidwa pouma imakhala zaka makumimakumi. Malemu Ricardo Rangel, katswiri wojambula wa ku Maputo amene anamwalira mu 2009, anajambula mu 1973 mnyamata woweta ng'ombe amene bwana wake wachitsamunda anamuotcha pachipumi ndi chitsulo chamoto chifukwa chotaya ng'ombe. Chithunzicho chilipo mpaka lero ngati umboni. Mu 1983 Rangel anatsegula sukulu yophunzitsa kujambula ku Maputo, kumene kunasonkhanitsidwanso zithunzi zambiri za mbiri ya dziko.

Anthu a m'malire muno akudziwa kuwawa kwa kusowa chithunzi. Pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ambiri atangonyamula ana ndi mapoto. Pali adzukulu lero amene sadziwa nkhope ya agogo awo. Amene wapeza kamera yamoyo aisunge pouma, aivundikire diso, ndipo ayambe wajambula okalamba a m'mudzi mwake akadali moyo.